Chipembere adaitana mpulumutsi, ife tikuitanabe mpaka lero

Sabata yatha ndidali pagombe ku Mbamba, kuno kwathu ku Likoma, kudikira sitima ya Ilala. Amene mudafikako mukudziwa kuti kudikira sitima ndi msonkhano pawokha. Amayi amakhala ndi matumba a usipa, ana asukulu ndi zikwama zawo, abambo pansi pa mlambe nkhani zili m'kamwa. Pambali panga padali mwana wa mlongo wanga, mnyamata woti sukulu adamaliza koma ntchito sikuoneka. Maso ali pafoni, adandiuza kuti iye zovota adasiya, chifukwa andale onse ndi amodzimodzi, amangosiyana mtundu wa nsalu basi.

Sindidamutsutse msanga, pajatu akunena zomwe waona. Ku Nsanje adatsegulira doko mu 2010, koma sitima mpaka pano sitidaione. Mu 2013 tidamva za Cashgate. Mu 2019 mavoti adapakidwa Tipp-Ex. Mu 2020 achinyamata adalonjezedwa ntchito 1 miliyoni, ndipo mu November 2023 kwacha idagwetsedwa ndi 44 peresenti. Kuno kuchilumba, komwe chimanga, sopo ndi mafuta zimachita kuwoloka nyanja, kwacha ikagwa ife timaimva kawiri. Zipani zasinthana, nyimbo zasintha, koma ndiwo m'mbale ndi zomwe zija.

M'malo mokangana naye, ndidamufunsa ngati amamudziwa Masauko Chipembere. Adandiyankha kuti ndi msewu waukulu uja wa pakati pa Blantyre ndi Limbe. Ndidaseka, koma mumtima mudandiwawa, chifukwa munthu ameneyu ife a ku Likoma ndi mkamwini wathu. Mayi akunyumba kwake, a Catherine, kwawo ndi pachilumba pano. Bambo ake, a Habil Chipembere, adali wansembe wa mpingo wa Anglican, wamishoni yomweyi yomwe likulu lake lidali pa Chipyela, pomwe pali tchalitchi chathu chachikulu cha St Peter's. Ndili mwana, agogo anga akafuna kutchula dzina limeneli ankayamba ayang'ana kukhomo, kenako n'kutsitsa mawu.

Henry Masauko Chipembere adabadwa pa 5 August 1930 ku Kayoyo m'boma la Ntchisi. Adaphunzira ku Blantyre Secondary School, kenako ku Goromonzi m'dziko lomwe lero ndi Zimbabwe, n'kukatenga digiri ku Fort Hare ku South Africa. Nthawi imeneyo Amalawi okhala ndi digiri unkatha kuwawerenga ndi zala. Atabwerako adalembedwa ntchito m'boma la atsamunda, ntchito yoti akadafuna akadangokhala phee n'kumadya bwino. Koma dziko lidali litalowetsedwa m'chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland mu 1953 anthu asakufuna, ndipo mnyamatayo mtima sudakhazikike.

Mu 1956, ali ndi zaka 25 zokha, adasankhidwa kulowa m'nyumba ya malamulo ku Zomba pamodzi ndi Kanyama Chiume. Inu amene mumati ndale ndi za madala, imvani bwino pamenepa: zaka 25. Anyamata awiriwa ankapanikiza akuluakulu a boma ndi mafunso mopanda mantha, moti mabuku olembamo zokambirana za m'nyumbayo anthu ankachita kulimbirana kuti awerenge. Imeneyo ndiyo idali Facebook ya masiku amenewo.

Komatu nayenso adali wokhumudwa, monga momwe mwana wa mlongo wanga alili lero. Chipani cha Nyasaland African Congress chidali chofooka, atsogoleri ake akukokanakokana, ena akuoneka kuti agona pa mphasa imodzi ndi atsamunda. Chipembere adaona kuti anthu akumudzi sangatsatire anyamata opanda imvi. Mankhwala omwe adawaganizira adali akuti papezeke munthu wamkulu, wophunzira, wochokera kutali, woti anthu amuone ngati mpulumutsi. Munthuyo adali Dr Hastings Kamuzu Banda, yemwe adali atakhala kunja pafupifupi zaka 40 ndipo panthawiyo adali ku Ghana. Chipembere adamulembera makalata omupempha kuti abwere, ndipo sadabise kuti iwo adzamukweza pamaso pa anthu ngati ngwazi yoti izitamandidwa.

Kamuzu adatera pa Chileka pa 6 July 1958. Mwezi wotsatira, pamsonkhano wa ku Nkhata Bay, adamupatsa utsogoleri wa chipani pamodzi ndi mphamvu yosankha yekha anthu ogwira nawo ntchito. Chipembere adakhala msungichuma, Dunduzu Chisiza mlembi wamkulu, Chiume wofalitsa nkhani. Anyamatawa adazungulira dziko lonse kulalikira dzina la Kamuzu, ndipo nzeru yawo idagwiradi ntchito. Dziko lidatekeseka.

Pa 3 March 1959 boma lidagwira atsogoleri a Congress m'bandakucha. Tsiku lomwelo asilikali adawombera anthu padoko la Nkhata Bay, pomwe omangidwa adawatsekera m'sitima ya Mpasa, ndipo anthu osachepera 20 adafera pomwepo. Ndi doko lomwe lija timatsikirapo ife tikamachokera kuchilumba. Chipembere adakatsekeredwa ku Gweru pamodzi ndi Kamuzu ndi Dunduzu ndi Yatuta Chisiza. Kamuzu adatuluka pa 1 April 1960, koma Chipembere adamusungabe mpaka September chifukwa atsamunda ankamuopa kwambiri. Chaka chomwecho, pamsonkhano wa ku Nkhotakota, chipani chatsopano cha Malawi Congress Party chidalonga Kamuzu kukhala mtsogoleri wake wamuyaya. Mbewu ya zomwe zidadza pambuyo pake idadzalidwa pamenepo, anthu akuvina ndi kululutira.

Apa ndisakunamizeni kuti Chipembere adali mngelo. Adali munthu wa mawu amoto, wosaleza mtima ndi anthu otsutsana ndi chipani, ndipo ankakhulupirira kuti nthawi zina nkhonya ndiyo imamveka. Kumayambiriro kwa 1961 khoti lidamupeza wolakwa pa mlandu wolankhula mawu outsa chipolowe, n'kukhalanso m'ndende mpaka January 1963. Ali m'katimo, bambo ake ndiwo adaimira mpando wa ku Fort Johnston, komwe lero ndi Mangochi. Chikhalidwe chonyoza aliyense wofunsa mafunso, chomutcha wogulitsa dziko, iye adathandiza nawo kuchimanga. Sadadziwe kuti tsiku lina chidzamutembenukira.

Atatuluka adakhala nduna, ndipo dziko likulandira ufulu pa 6 July 1964 adali nduna ya zamaphunziro. Sipadathe ngakhale miyezi iwiri, zinthu zidasokonekera. Nduna zidadandaula kuti Kamuzu akulamula yekha ndipo akuzitcha anyamata ake pagulu. Zidakana zoti odwala azilipira tiki kuchipatala cha boma. Zidadandaula za malipiro a ogwira ntchito m'boma, za kuchedwa kupereka maudindo kwa Amalawi, ndi za ubwenzi ndi Apwitikizi omwe ankalamula Mozambique, dziko lomwe mapiri ake ife timawaona tikangotuluka m'nyumba. Taonani nkhani zake: chipatala, malipiro, ntchito, ndi mphamvu zochuluka m'manja mwa munthu mmodzi. Kodi si zomwe zija mumakangana m'magulu a WhatsApp usiku uliwonse?

Mkangano ukuyamba, Chipembere adali ku Canada kumsonkhano wa zamaphunziro. Pa 7 September 1964 Kamuzu adachotsa Chiume, Orton Chirwa, Augustine Bwanausi ndi Rose Chibambo, ndipo Yatuta Chisiza ndi Willie Chokani adatula pansi maudindo. Chipembere pofika adapeza mpando wake uli bwinobwino. Palibe adamuchotsa. Akadatha kukhala chete, galimoto ya boma n'kumayendabe. Koma pa 9 September adatula pansi unduna n'kukakhala kumbuyo pamodzi ndi anzake. M'nyumba ya malamulo aphungu ambiri adaimirira mmodzimmodzi kutamanda Kamuzu ndi kunyoza ndunazo. Adali makina omwe aja anyamatawa adawapanga okha. Akuluakulu adati walira mvula walira matope.

Anzake adathawira kunja, iye adabwerera kwawo ku Malindi, kenako n'kulowa m'mapiri. Usiku wa pa 12 February 1965, ndi anthu pafupifupi 200, adalanda boma la Fort Johnston n'kuyamba ulendo wopita ku Zomba. Atafika pa Liwonde adapeza pantoni ili tsidya lina la Shire. Mlatho kudalibe. Ulendo udathera pomwepo, ndipo asilikali a boma adawabalalitsa. Ife apachilumba timadziwa bwino tanthauzo la kuima pagombe chombo chili kutsidya.

Amene adalipira kwambiri si iye yekha. Midzi ya ku Mangochi idazunzika, anthu ambiri adatsekeredwa popanda mlandu, ndipo Medson Silombela, mmodzi mwa omutsatira, adanyongedwa ku Zomba anthu akuonerera mu 1966. Banja lake lidabisala kuno ku Likoma lisadawolokere ku Tanzania. N'chifukwa chake agogo ankatsitsa mawu. Kukhala wa pachilumba, wa Anglican, wodziwana ndi banja limenelo, kudali kokwanira kuti anthu akuyang'ane ndi diso lina.

Iye mwini, akudwala matenda a shuga, adatuluka m'dziko mobisa mu 1965 kupita ku America. Adakhalako ku Dar es Salaam, komwe adaphunzitsa pa Kivukoni College n'kuyesa kuyambitsa chipani, kenako mu 1969 adabwerera ku California kukaphunzitsa payunivesite ku Los Angeles. Adamwalira pa 24 September 1975 ali ndi zaka 45, osaliponda dziko lake kachiwiri. Panthawiyo n'kuti munthu yemwe iye adamuitana atalongedwa kale, mu 1971, kukhala pulezidenti wamuyaya wa dziko lonse. Yatuta adaphedwa mu 1967 akulowa m'dziko ndi mfuti. Orton Chirwa adafera m'ndende ya Zomba mu 1992. Mayi Catherine Chipembere adabwerera ulamuliro wa chipani chimodzi utatha, ndipo mu 1994 anthu a ku Mangochi adawasankha kukhala phungu.

Nditamaliza, mwana wa mlongo wanga adati nkhaniyi ikungotsimikiza zomwe iye amanena, kuti ndale za pa Malawi zimadya anthu abwino n'kusiya oipa. Ine ndikuona mosiyana. Chipembere sadalakwe pokwiya, ndipo sadalakwe polowa ndale ali mnyamata. Adalakwa poganiza kuti mkwiyo wa dziko ungathe poupereka m'manja mwa munthu mmodzi, popanda chingwe chomumangira akayamba kulusa. Ankaganiza kuti dotolo wokalambayo adzakhala chithunzi chabe, ntchito azidzagwira ndi iwo. Koma munthu ukamuuza tsiku ndi tsiku kuti ndi mpulumutsi, amafika pokhulupirira, ndipo mpulumutsi safunsidwa mafunso.

Ife matendawa sitidachire. Zaka zisanu zilizonse timasaka Mose watsopano. Timamuvala pachifuwa, timamuimbira, timatukwana pa Facebook aliyense womufunsa kuti ndalama za zomwe akulonjezazo zichokera kuti. Pakatha zaka ziwiri takhumudwa, tayamba kunena kuti onse ndi akuba, ndipo tasiya kutsatira chilichonse mpaka kudzabwere Mose wina. Kutamanda kopanda mafunso ndi kunyanyala kopanda ntchito ndi ana a mimba imodzi. Onse awiri amamusiya wandale ali yekha ndi thumba la boma.

Tikayang'ana bwino, nthawi zomwe dziko lino lidasunthadi sizidabwere ndi mpulumutsi. Kalata ya maepiskopi a Katolika ya mu March 1992 idawerengedwa m'matchalitchi, ogwira ntchito ndi ophunzira n'kuinyamula. Pa 14 June 1993 anthu wamba adaima pamzere n'kukana chipani chimodzi. Mu 2002 mipingo, mabungwe ndi aphungu ena adakana kuti pulezidenti awonjezere nthawi yake. Pa 3 February 2020 oweruza asanu adafafaniza chisankho, achinyamata atayenda m'misewu miyezi yambiri. Zonsezi zidachitika chifukwa anthu ambiri, aliyense pamalo pake, adakana kunena kuti zilibe ntchito. Paja mutu umodzi susenza denga.

Sindidamuuze mnyamatayo kuti akhulupirire wandale aliyense, ayi. Ndidamufunsa ngati akudziwa dzina la khansala wake, ngati akudziwa kuti ndalama za chitukuko cha m'dera la phungu chaka chino zagwira ntchito yanji pa Likoma ndi pa Chizumulu, ndiponso ngati adapitako kumsonkhano wa khonsolo ngakhale kamodzi. Likoma lidakhala boma palokha mu 1999, ndipo maofesi ake ndi oyenda wapansi. Foni yomwe amaonerapo nthabwala za andale ingathenso kujambula ntchito yomwe yaima n'kufunsa poyera kuti ndalama zake zidapita kuti. Adakhala chete, kenako adati amalume mwayamba kulalikira.

Nkhope ya Chipembere simungaipeze pa ndalama yathu iliyonse. Chomwe adapatsidwa ndi msewu, womwe achinyamata amadutsamo tsiku lililonse atanyamula makalata ofunsira ntchito. Mukamadutsa pamenepo, kumbukirani kuti mwini dzinali adali wamsinkhu wanu, adakwiya ngati inu, ndipo cholakwa chake chachikulu chidali choti ntchito yomwe ikadakhala ya anthu onse adakaitula kwa munthu mmodzi.

Sitima italira kuseri kwa phiri, tonse tidanyamuka kuthamangira kumaboti. Mnyamata uja adandinyamulira chikwama, ndipo tili m'madzi ofika m'maondo adandifunsa kuti msonkhano wa khonsolo umachitika liti. Ndidamuuza kuti akafunse yekha.