Wansembe amene anatola mbiri ya Ayao pakamwa pa akuluakulu

Mutafunsa achinyamata a ku Malindi kuti Yohanna Barnaba Abdallah anali ndani, ambiri angokuyang'anani. Chonsecho zambiri zomwe timadziwa za chiyambi cha Ayao, omwe adzaza kuyambira pa Mangochi boma mpaka kwa Makanjila, zinadutsa m'manja mwa bambo ameneyu.

A Abdallah anali wansembe wa mpingo wa Anglican pansi pa mishoni ya UMCA, yomweyi inakhazikitsa St Martin's pa Malindi. Anaphunzira ku Kiungani, pachilumba cha Zanzibar, ndipo mu 1894 anakayamba ntchito ku Unangu m'dziko la Mozambique. Anadzozedwa unsembe mu 1898 ndipo anatumikira kumeneko zaka pafupifupi 30. Anamwalira mu 1924.

Chomwe chimandigwira mtima ndi buku lawo, Chiikala cha Wayao, lomwe linasindikizidwa ku Zomba mu 1919, Dr Meredith Sanderson atalimasuliranso m'Chingerezi. Nthawi imeneyo mbiri ya Ayao inkalembedwa ndi alendo odutsa. A Abdallah anatengera njira ina: kumva kwa eni nkhani, n'kulemba m'Chiyao chenichenicho. Ku Unangu kunali kudakali nkhalamba zomwe zinaona ndi maso masiku a Mataka Nyambi wa ku Mwembe.

M'bukumo ndimo timamva za phiri la Yao komwe mtunduwu unachokera, za Achisi osula makasu omwe anayambitsa maulendo a malonda, komanso za mafumu omwe anatchuka ndi minyanga ndi akapolo. Zaukapolozo sanabise, ngakhale zinali za mtundu wawo.

Inde, umboni wapakamwa uli ndi pofooka. Munthu amaiwala zaka, wina amakometsa mbali ya mfumu yake. N'chifukwa chake wofufuza amafunsa anthu angapo n'kuyerekeza ndi zolembedwa. Koma popanda umboniwo poyerekeza pomwe palibe. Si zachabe kuti mu 1973 bukuli linasindikizidwanso ku London, ndi mawu otsogolera a katswiri wa mbiri Edward Alpers.

Lero agogo omwe anaona thangata, nkhondo ya Frelimo itavuta kumalire, ndi chambo chikadali chochuluka m'nyanja akutha mmodzimmodzi. A Abdallah analibe chojambulira mawu, anali ndi khutu ndi cholembera basi. Ife tili ndi foni m'thumba, koma ndi angati mwa ife amene tinakhalapo pamkeka ndi agogo n'kuwafunsa kuti anaona zotani?