Mai Cicely Saunders: Nesi Amene Anamvetsela Odwala

Mai Cicely Saunders anabadwila ku England mu 1918. Pa nthawi ya nkhondo yaciwili ya dziko lonse anaphunzila unesi pa cipatala ca St Thomas' ku London, koma msana unawavuta mpaka analeka nchitoyo. M'zaka zomwezo anapeleka moyo wao kwa Kristu.

Pothandiza usiku pa nyumba ya odwala kwambili ya St Luke's, anaona manesi akupeleka mankhwala oletsa ululu pa maola oikika, osadikila kuti wodwala ayambe kubuula. M'zipatala zambili masiku amenewo, wodwala anali kupilila mpaka ululu utakula. Kuti madokotala awamvele, Mai Saunders anaphunzila udokotala, natsiliza mu 1957.

Iwo anali kukhala pambali pa bedi ndi kumvetsela. Anaphunzitsa kuti ululu suli m'thupi mokha: umakhudzanso maganizo, banja ndi mzimu. Mu 1967 anatsegula St Christopher's Hospice ku London, ndipo anamwalilila momwemo mu 2005.

Abale ndi alongo, masiku ano munthu akacoka ku opaleshoni, manesi amafunsa kuti ululu wafika pati pakati pa 0 ndi 10, napeleka mankhwala pa nthawi yake. Ambili a ife timabisa ululu poopa kuoneka ofooka m'cikhulupililo. Kuuza nesi zoona si kucimwa. Tikapita kukaona odwala, tiwalimbikitse kunena pamene pakuwawa, ndipo tipemphelele manesi athu.