Khosrow Anushirvan, Mfumu ya Persia, ndi Chaka cha Njovu

Mu 1875 'Abdu'l-Bahá analemba buku lolangiza atsogoleri ndi anthu a dziko la Persia, lodziwika m'Chingerezi ndi dzina lakuti The Secret of Divine Civilization. M'bukuli Iye akutchula mafumu ogonjetsa mayiko monga Hulagu Khan, Tamerlane, Alexander ndi Napoleon, ndipo akuonetsa kuti nkhondo zawo sizinabale chipatso chokhalitsa. Kenako akutchula mfumu ina imene akuiyamikira chifukwa cha chilungamo, dzina lake Anushirvan. Dzinali ndi lachilendo kwa ambiri a ife. Sabata ino tiyeni tiwerenge za moyo wake, ndipo tione chifukwa chake akukumbukiridwa mosiyana ndi anzakewo, chikhalirecho nayenso anali munthu wankhondo.

Dziko limene analipeza

Dzina lake lenileni linali Khosrow. Anushirvan ndi dzina laulemu, lotanthauza mwini mzimu wosafa. Anali wa banja lachifumu la Sasan, wotsatira chipembedzo cha Zoroaster, ndipo analamulira Persia, dziko limene lero timati Iran, kuyambira 531 mpaka 579. Likulu lake linali Ctesiphon, m'mbali mwa mtsinje wa Tigris, kufupi ndi pamene pali mzinda wa Baghdad masiku ano.

Khosrow anakulira m'dziko losweka. Agogo ake, mfumu Peroz, anaphedwa pankhondo mu 484 ndi mtundu wakummawa wotchedwa Hephthalite, ndipo Persia anayamba kupereka msonkho kwa adaniwo. M'masiku a bambo ake, mfumu Kavad, kunabuka mphunzitsi wina dzina lake Mazdak, amene ankalalikira kuti chuma chigawidwe kwa onse. Amphawi ambiri anamutsatira popeza anali atatopa ndi njala ndi nkhanza za eni minda. Nkhokwe zinathyoledwa, katundu analandidwa, ndipo dziko linagawikana.

Tisabise chilichonse apa. Khosrow anathetsa gulu la Mazdak ndi lupanga, ndipo anthu ochuluka anaphedwa. Atalowa ufumu anaphanso abale ake ena amene anamukonzera chiwembu. Chiyambi chake chinali cha magazi, monga cha mafumu ambiri a nthawi imeneyo.

Ntchito ya chingwe choyezera ndi kaundula

Chimene chinamusiyanitsa ndi ena ndi zimene anachita pambuyo pake. Iye anazindikira kuti kupha otsatira Mazdak sikunachotse chimene chinawakwiyitsa. Gwero lina lalikulu la mavuto linali msonkho. Kale boma linkatenga gawo la zokolola, ndipo mlimi sankaloledwa kukolola mpaka wamsonkho atabwera kudzaona munda. Mbewu zinkatha kuwonongekera m'munda mwini wake akudikira, ndipo wamsonkho ankatchula chilichonse chimene wafuna.

Khosrow anatsiriza ntchito imene bambo ake anaiyamba, yoyeza minda ya m'dziko lonse. Anawerengetsa mitengo ya kanjedza ndi ya azitona, nalembetsa zonse m'kaundula. Msonkho unakhazikitsidwa potengera kukula kwa munda ndi mtundu wa mbewu, kaya ndi tirigu, barele, mpunga kapena mphesa. Unkaperekedwa ndi ndalama, m'magawo atatu pachaka. Amuna a zaka 20 mpaka 50 ankaperekanso msonkho wa pamutu wa ndalama zasiliva 4, 6, 8 kapena 12, malinga ndi kupeza kwa munthu. Mbewu zikalephera, oweruza a m'deralo anali ndi mphamvu yochepetsa msonkhowo.

Lamuloli silinali langwiro, pakuti anthu a mabanja apamwamba, ansembe, asilikali ndi alembi sankapereka msonkho wa pamutu. Komabe mlimi tsopano ankadziwiratu ngongole yake asanadzale, ndipo wamsonkho wofuna kuba anali ndi kaundula womutsutsa. Ndi ndalama zimenezi mfumu inakonzetsa ngalande za madzi, milatho ndi midzi yopasuka, niyamba kulipira asilikali kuchokera m'thumba la boma kuti asamadalire eni minda akuluakulu.

Anthu a ku Persia anasunga nthano zambiri za iye. Ina imati anapachika unyolo wokhala ndi belu pachipata cha nyumba yachifumu kuti aliyense woponderezedwa aukoke, mfumu imve dandaulo lake popanda mkhalapakati. Ina imati bwalo la nyumba yake linali lokhota mbali imodzi chifukwa mayi wina wokalamba anakana kugulitsa kanyumba kake, ndipo mfumu sinamukakamize. Izi ndi nthano, koma zikutiuza chimene anthu wamba ankafuna kukumbukira: mfumu imene inadziikira malire.

Khosrow ankakondanso nzeru za mitundu ina. Mfumu ya Aroma, Justinian, itatsekereza maphunziro a anthu anzeru a ku Athens mu 529, ena a iwo anathawira kwa iye. Mzinda wa Gondeshapur unatchuka ndi maphunziro a zamankhwala. Sing'anga wake, Burzoe, anapita ku India nabwerako ndi buku la nthano za nyama zophunzitsa olamulira, limene pambuyo pake linamasuliridwa m'Chiarabu ndi dzina lakuti Kalila wa Dimna.

Nkhondo zake

Pa zaka 48 za ulamuliro wake, nkhondo sizinkasowa. Mu 532 anapangana ndi Justinian mtendere umene anautcha wosatha, ndipo Aroma anamulipira golide wolemera mapaundi 11,000. Mtendere wosathawo unatha zaka zisanu ndi zitatu zokha. Mu 540 Khosrow anauphwanya, nawononga mzinda waukulu wa Antioch, natenga anthu ake ukapolo kukawakhazika mumzinda watsopano pafupi ndi Ctesiphon. Pambuyo pake anagwirizana ndi mtundu wa Turk nathetsa mphamvu ya a Hephthalite amene anapha agogo ake. Mu 562 anapangananso ndi Aroma mtendere wa zaka 50, koma nawonso unangotha zaka khumi. Paja akuluakulu amati njovu zikamamenyana umavutika ndi udzu. Udzuwo unali alimi a m'malire a maufumu awiriwa.

Chaka cha 570

Tiyeni tiime pa chaka chimodzi, tione dziko mmene linalili. Mu 570 Khosrow anali pachimake pa mphamvu zake, atalamulira zaka pafupifupi 40. Ku Constantinople kunali mfumu Justin II, imene inkanyansidwa ndi kupereka golide kwa Persia chaka ndi chaka. Ku Italy, mtundu wa Lombard motsogozedwa ndi Alboin unali utalanda Milan ndipo unali utazinga mzinda wa Pavia.

Kummwera kwa Arabia, m'dziko la Yemen, ulamuliro unali m'manja mwa anthu ochokera ku Ethiopia. Mbiri imene Asilamu anasunga imati mtsogoleri wawo, Abraha, ananyamuka ndi gulu lankhondo lokhala ndi njovu kukagwetsa Kaaba ku Mecca, koma gululo linawonongeka lisanalowe mumzinda. Nkhaniyi imatchulidwa m'sura 105 ya Qur'án, ndipo Aarabu anatcha chakacho Chaka cha Njovu. Posapita nthawi, kalonga wina wa ku Yemen, Sayf ibn Dhi Yazan, anapempha thandizo kwa Khosrow. Mfumu inatumiza asilikali pa zombo motsogozedwa ndi Wahriz, ndipo iwo anagonjetsa Masruq, mwana wa Abraha. Yemen analowa pansi pa mphamvu ya Persia.

Munthu wolemba nkhani zazikulu za nthawi imeneyo akanalemba zimenezi basi. Koma m'Chaka cha Njovu chomwecho, ku Mecca, mayi wina wamasiye dzina lake Amina anabereka mwana wamwamuna. Bambo a mwanayo, Abdullah, anali atamwalira iye asanabadwe. Mayi akenso anamwalira iye ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo analeredwa ndi agogo ake, kenako ndi m'bale wa bambo ake, Abu Talib. Mwanayo anali Muhammad, Mtumiki wa Mulungu. Khosrow anali ndi akazitape ndi amithenga m'mayiko ambiri, koma kubadwa kwa mwana wamasiye m'mudzi wa amalonda sikunali nkhani yofika nayo kwa mfumu.

Imfa yake ndi zimene zinatsala

Nkhondo ndi Aroma inabukanso mu 572. Khosrow, ali wokalamba, analanda linga la Dara mu 573, koma anagonjetsedwa pafupi ndi Melitene mu 576. Anamwalira mu 579 zokambirana za mtendere zisanathe. Panthawiyo Muhammad anali mnyamata wa zaka pafupifupi zisanu ndi zinayi.

Tsopano tiwerenge zimene zinatsala. Mwana wake Hormizd anachotsedwa pampando naphedwa mu 590. Mdzukulu wake, Khosrow II, anamenyana ndi Aroma kuyambira 602 mpaka 628, ndipo maufumu onse awiri anatsala opanda mphamvu. Mu 637 Ctesiphon anagwa m'manja mwa otsatira a mwana wamasiye uja. Mfumu yomaliza ya banjali, Yazdegerd III, inaphedwa mu 651 ikuthawa. Patangotha zaka 72 chimwalirire Khosrow, mayiko onse amene anawamenyera nkhondo anali a ena.

Koma kaundula uja sanafe. Olamulira achisilamu anapitiriza kukhometsa msonkho m'dziko la Iraq potsata njira imene Khosrow anakhazikitsa. Alembi achisilamu, ana a anthu amene anagwetsa ufumu wake, ndiwo anasunga dzina lake namutcha Wolungama, ndipo kwa zaka mazana ambiri ankamugwiritsa ntchito ngati chitsanzo pophunzitsa mafumu awo. Ifenso tili ndi chifukwa china chomukumbukira: Shoghi Effendi analemba kuti Bahá'u'lláh anachokera ku mbumba ya Yazdegerd, mfumu yomaliza ija.

Phunziro kwa ife

Mwa munthu mmodziyu munali ntchito ziwiri. Ntchito ya lupanga inali yaphokoso, ndipo inazimiririka. Ntchito ya chingwe choyezera minda inali yotopetsa, yosaimbiridwa nyimbo, ndipo inakhalitsa kuposa ufumu wake womwe. 'Abdu'l-Bahá anamuyamikira chifukwa cha yachiwiriyi. Sitikuphunzira kuti Khosrow anali woyera, ayi. Tikuphunzira kuti ngakhale m'moyo wodzaza zolakwa, chimene chachitidwa mwachilungamo ndicho chimatsalira anthu.

Palibe mfumu pakati pathu, koma aliyense ali ndi kaundula wake. Msungichuma wa Bungwe Lauzimu amene amalemba lisiti la chopereka chilichonse, ngakhale chochepetsetsa, akugwira ntchito yomweyo. Chimodzimodzinso wogulitsa amene sikelo yake siiba, mwini munda amene amalipira waganyu ndalama imene anapangana dzuwa lisanalowe, ndi kholo limene limamva mbali zonse ziwiri ana akayambana. Tikumbukirenso kuti chinthu chachikulu koposa mu 570 sichinachitikire m'nyumba yachifumu. Ana amene timawaphunzitsa pansi pa mtengo, amasiye ali momwemo, tisawayese ochepa.

Mafunso okambirana

1. Khosrow anapha otsatira Mazdak, kenako anakonza msonkho umene unkawazunza. Kodi zinthu zikanayenda bwanji akanayamba ndi kumva dandaulo lawo? Nanga kukambirana kumatithandiza bwanji kuti tisachedwe chotero?

2. N'chifukwa chiyani kudziwiratu chimene uyenera kupereka kuli mbali ya chilungamo? Tipereke zitsanzo za m'mudzi kapena kuntchito kwathu.

3. Kodi tingayamikire bwanji zabwino za munthu popanda kubisa zoipa zake, komanso popanda kugwa m'tchimo la miseche?

4. Ndi ntchito iti yosaoneka, yofuna kukhulupirika, imene aliyense wa ife angaigwire bwino koposa tisanakumanenso sabata yamawa?