Du Chisiza: anadzudzula boma pa siteji, pambuyo pake analoŵamo

Mukakwela minibasi m'maŵa pa Kulima Tower, sewelo mumaliona laulele. Kondakitala akukana cenji, amai ena akumukumbutsa kuti ali na mwana wa msinkhu wake, kumbuyo ŵina akuthila ndemanga, basi yonse ili pa phwete. Tikatsika timaiŵala. Koma kunali munthu amene anakana zakuti sewelo ni cinthu ca ulele. Iye anati ni nchito, ndipo wocita sewelo afunika kudya thukuta lake monga dalaivala kapena mphunzitsi. Dzina lake ni Dunduzu Chisiza Junior. Ku Malawi amangoti Du.

Ife a ku Katete, Sinda na Vubwi, za ku Malawi si zacilendo. Wailesi yawo inali kumveka bwino m'midzi mwathu, ndipo caka ciliconse mu August abale athu a kumeneko amabwela ku Mkaika kudzalamba kwa Kalonga Gawa Undi. Conco nkhani ya Du ni ya pakhomo la neba.

Anabadwa pa 26 March 1963, atate ake ali kale m'manda. Atatewo, a Dunduzu Chisiza, anali mlembi wamkulu wa cipani ca Malawi Congress Party, ndipo mu 1959 anamangidwa pamodzi na Kamuzu Banda ku ndende ya Gwelo, ku Gweru kwa lelo. Mu September 1962 anawapeza atafa m'galimoto yawo pa Thondwe, pafupi na Zomba. Boma linati ni ngozi, koma anthu ambili mpaka lelo sakhutila nazo. Mkulu wawo, a Yatuta Chisiza, anali nduna m'boma loyamba la Kamuzu. Atasemphana naye mu 1964 anathaŵa m'dziko, ndipo mu 1967 anaphedwa m'boma la Mwanza atabwelela na mfuti kuti acotse Kamuzu pa mpando.

Taganizani mwana wokula na dzina lotelo m'dziko la cipani cimodzi. Dzina lakuti Chisiza linali lolemela, ndipo anthu ambili anali kulichula motsitsa mau.

Za masewelo anaziyamba ali pa sukulu ya sekondale ya HHI mu Blantyre. Kumeneko analemba sewelo lochedwa The Deceased's Attack, ndipo linapambana pa mpikisano wa masewelo wa masukulu a dziko lonse. Atatsiliza anapita ku America, mu mzinda wa Philadelphia, kukaphunzila luso la pa siteji. Anzake ambili akafika kunja sanali kubwelako, maka-maka a mabanja amene boma linali kuwayang'ana na diso lofiila. Du anabwelela, ndipo mu 1987 anakhazikitsa gulu la Wakhumbata Ensemble Theatre, gulu loyamba m'Malawi locita masewelo monga nchito yolipidwa.

Apa mpamene pali cinthu cofunika kucimvetsa. Masewelo analipo kale: m'masukulu, m'machalichi, pa wailesi, na ku Chancellor College ku Zomba kumene ophunzila anali kuyenda nawo m'midzi, monga mmene a Chikwakwa anali kucitila kuno ku UNZA. Koma ambili ocita masewelo anali na nchito zina, sewelo linali la pa Ciŵelu. Du anafuna kuti munthu adzuke m'maŵa kupita ku pulakatisi monga mmene inu mukupitila ku nchito, anthu alipile pa geti, ndalamazo zilipile holo, thilansipoti na ocita sewelo. Masewelo ake anali a m'Cingelezi, pamene a Kwathu Drama Group anali kucita m'Cicewa, koma anthu anali kudzaza ndithu pa French Cultural Centre mu Blantyre na m'maholo a m'matauni ena. Iye yekha analemba masewelo opitilila 20, kuonjezela pa ena amene anathandizila kulemba na kutsogolela.

Cobvuta cinali lamulo. Kucokela mu 1968, ku Malawi kunali bungwe la boma loyang'ana mabuku, mafilimu na masewelo. Sewelo lisanaonetsedwe, mapepala ake anali kuyamba apita kumeneko, ndipo abwana anali kufafaniza ciliconse cowakayikitsa, kapena kuletsa sewelo lonse. Ndiye wolemba wanzelu anali kubisa nkhani m'kati mwa nkhani inzake. Du anali katswili pa zimenezi. Sewelo lina analicha Papa's Empire. M'dziko limene mtsogoleli wake anali pulezidenti wa moyo wonse, mwini makampani na maesiteti, oonelela sanafunike kuuzidwa kuti Papa angakhale ndani. Lina analicha Tatuya Futi. Sinthani malo a zilembo za Tatuya, muone dzina limene likutuluka.

Kwathu ku Katete tidziŵa kuti kudzudzula pa bwalo si kwacilendo. Gule akatuluka, amatha kunyodola waulesi, woledzela, ngakhale munthu wa udindo, ndipo palibe amene amamufunsa dzina kapena kumutsata kunyumba. Du analibe citetezo cimeneco. Anali kuima pa siteji na nkhope yake, dzina lake lili pa positala, apolisi akudziŵa kumene amagona.

Manje apa ndiye pamene nkhani yake imagaŵanitsa anthu. Kuno ku Zambia tinasintha mu 1991, pamene a Chiluba anagonjetsa a Kaunda. Ku Malawi mphepo inafika mocedwelako: pa 14 June 1993 anthu anavota kuti akufuna zipani zambili. M'caka comweco, boma la Kamuzu likugwedela, Du anabvomela kukhala nduna yoona za acinyamata, masewela na cikhalidwe, ali na zaka 30 cabe. Ambili amene anali kumuombela m'manja anakhumudwa. Anafunsa kuti munthu angadye bwanji mbale imodzi na boma limene linapha mbale wa atate ake, limenenso iye mwini anali kulidzudzula. Ena anamuikila kumbuyo, amvekele cipanico atate ake anacivutikila, ndipo cinthu umacikonza uli m'kati. Mpandowo sunakhalitse. Pa 17 May 1994 a Bakili Muluzi anapambana cisankho, MCP inatuluka m'boma, ndipo Du anabwelela ku siteji, kumene anapitiliza kukamba za ndale za nyengo yatsopano.

Anamwalila pa 24 February 1999, atatsala mwezi umodzi kuti akwanitse zaka 36. Gulu la Wakhumbata linatsala m'manja mwa Gertrude Kamkwatira, mmodzi wa amene anawaphunzitsa, amene pambuyo pake anayambitsa gulu lake la Wanna-Do, namwalila mu 2006. Mwana wa Du, Thlupego, anatsata mapazi a atate ake. Mu December 2011, nthawi ya a Bingu wa Mutharika, apolisi anamugwila ali pa siteji, akucita sewelo lochedwa Semo, pa mlandu wakuti analibe cilolezo ca bungwe lija. Maboma anasintha, koma lamulo la 1968 linali likali na mano.

Za unduna uja, aliyense aweluze yekha. Ise tonse tidziŵa munthu amene anali na pakamwa pakuthwa mpaka tsiku limene anamupatsa galimoto ya boma. Koma cimene Du anasiya sicikanika: anaonetsa kuti mwana wa m'dela lino angalembe sewelo, nalipilitsa pa geti, nalipila anzake, osadikila bungwe la kunja kuti limupatse ndalama na uthenga wokakamba.

Acinyamata a dilama aliko ku Katete, ku Sinda, ngakhale muno mu Mtendere na Matero. Ambili amangoitanidwa pa tsiku la mwambo, acite sewelo la mphindi khumi, apatsidwe dilinki na banzi. Mukadzamva kuti akucita sewelo lawo-lawo pa holo ya m'komboni mwanu, pitani, ndipo pa geti musapemphe kuti akucotseleni mtengo.