JANE AUSTEN: ANALEMBA ZA CHIKONDI KOMA SANAKWATIWE

Anzanga okonda timabuku ta chikondi, tija timabwerekana mpaka chikuto kuthothoka, kodi mukumudziwa gogo wake wa timabukuti? Dzina lake ndi Jane Austen.

Jane anabadwa pa 16 Disembala 1775 m'mudzi wa Steventon ku England. Bambo ake anali m'busa, ndipo m'banja mwawo anabadwa ana 8, aamuna 6 ndi aakazi 2. Anayamba kulemba nthano adakali kamtsikana, n'kumawerengera abale ake kuti aseke.

Masiku amenewo chuma chambiri chinkapita kwa ana aamuna. Mtsikana kuti asavutike, njira yake inali banja basi. Mu Disembala 1802 mnyamata wa banja lolemera, Harris Bigg-Wither, anamufunsira. Jane analola madzulo, koma kutacha anakabweza mawu. Sikuti zinthu zinamuyendera ayi. Bambo ake atamwalira mu 1805, iye, mayi ake ndi mkulu wake Cassandra ankangosamukasamuka, kudalira achimwene ake. Mu 1809 m'pamene achimwene ake a Edward anawapatsa nyumba ku Chawton.

Kumeneko ndiye analimbikira cholembera. Buku lake loyamba, Sense and Sensibility, linatuluka mu 1811 popanda dzina lake. Pride and Prejudice linatuluka mu 1813, kenako Mansfield Park ndi Emma.

Mabuku ake sali ofanana. Mu Pride and Prejudice, Elizabeth ndi Darcy ayamba n'kunyansidwana, kenako aliyense aona vuto lake n'kusintha. Mu Persuasion, Anne anasiya chibwenzi chifukwa chomvera akuluakulu, ndipo akumananso ndi mnyamata uja patapita zaka 8. Northanger Abbey ndiye loseketsa: Catherine wawerenga mabuku oopsa a nyumba zamdima mpaka akuganizira bambo wa mnzake kuti anapha mkazi wake. Apa Jane akutiuza kuti powerenga tisamasiye nzeru pakhomo.

Chimene chimandigwira mtima ndi nkhani ya Charlotte, mnzake wa Elizabeth. Elizabeth anakana Collins chifukwa samamukonda, koma Charlotte anamulola pofuna pokhala. Jane sakumunyoza Charlotte, akungotionetsa mmene umphawi umasankhira munthu mwamuna. Eti si zomwezi timaziona kuno ku Mchinji? Mtsikana wa fomu 2 kusiya sukulu chifukwa wina wagulitsa fodya kapena mtedza ndipo ali ndi njinga yamoto. Pajatu lamulo la dziko lathu silola ukwati munthu asanakwane zaka 18.

Tsono mukagwira buku la chikondi, kaya la mabwana olemera, la kusukulu kapena la kumudzi, lifunseni mafunso atatu. Kodi mtsikanayo wasankha yekha? Kodi awiriwo akulemekezana? Nanga ndalama zitatha, chikondicho chingatsale? Buku lolephera mafunsowa ndi chingamu, kukoma pang'ono kenako kulavula.

Jane anamwalira pa 18 Julayi 1817 ku Winchester ali ndi zaka 41, asanakwatiwe. Persuasion ndi Northanger Abbey anatuluka iye atapita kale. Lero nkhope yake ili pa ndalama ya mapaundi 10 ya ku England. Mtsikana uja anakana banja la chuma, koma patha zaka zoposa 200 anthu akumuwerengabe.

Wolemba: wophunzira wa fomu 2