Dunduzu Chisiza: Kalaliki amene anadziphunzitsa kuyendetsa chuma cha dziko

Mwa anthu amene anamenyera ufulu wa dziko lino, ochepa ndi amene ankaganizira za tsiku lotsatira ufuluwo: ndalama zidzachokera kuti, ndipo adzaziyendetsa ndani? Mmodzi mwa ochepawo anali Dunduzu Kaluli Chisiza.

Chisiza anabadwa pa 8 August 1930 ku Florence Bay, m'mbali mwa nyanja kumpoto kwa dziko lino, m'banja la a Kaluli Chisiza, omwe anali nyakwawa komanso mlimi. Anaphunzira ku Uliwa ndi ku Livingstonia, koma sukulu inamukanika atalephera mayeso a Sitandade 6. Mu 1949 anapita ku Tanganyika kumene anagwira ntchito ya ukalaliki ku polisi, kenaka n'kukapitiriza maphunziro ku Aggrey Memorial College m'dziko la Uganda.

Cha m'ma 1955 anali ku Salisbury, komwe lero ndi Harare, akugwira ntchito ku ofesi ya kazembe wa India. Kumeneko anathandiza kukhazikitsa gulu la City Youth League pamodzi ndi James Chikerema ndi George Nyandoro. Boma la atsamunda linamuthamangitsa mu 1956.

Kuthamangitsidwako kunamutsegulira khomo lina. Mu 1957 anapita ku Fircroft College mumzinda wa Birmingham ku England, sukulu ya anthu akuluakulu amene anaphonya mwayi ali ana. Kumeneko anaika mtima pa maphunziro a zachuma, a zachikhalidwe cha anthu ndi a zandale, makamaka mmene maiko osauka angadzitukulire. Sanatenge digiri, koma anabwerako akudziwa kuwerenga bajeti ndi kufunsa phindu la ngongole iliyonse.

Atabwerera kumudzi mu 1958 anakhala mlembi wamkulu wa Nyasaland African Congress, ndipo anaonetsa luso pokonza nthambi za chipani. Mu March 1959 anamangidwa n'kutsekeredwa kundende ya Gwelo limodzi ndi Dr Hastings Kamuzu Banda, Henry Masauko Chipembere ndi mkulu wake Yatuta. Anatuluka mu September 1960 n'kukhala mlembi wamkulu wa Malawi Congress Party.

Pachisankho cha 1961 anapambana mpando wa Karonga, ndipo anaikidwa kukhala wothandizira nduna ya zachuma, Henry Phillips. Apa ndi pamene maphunziro aja anabala zipatso. Anatenga mbali yaikulu pokonza ndondomeko ya chitukuko cha dziko, ndipo mu July 1962 anaitanira ku Blantyre akatswiri a zachuma ochokera m'maiko osiyanasiyana kudzakambirana za chitukuko cha Africa. M'mabuku ake awiri, Realities of African Independence ndi Africa: What Lies Ahead, anachenjeza kuti ufulu wopanda anthu odziwa kuyendetsa zinthu umabala umphawi, ndi kuti mtsogoleri wosatsutsidwa amasanduka wankhanza.

Kudziwa kwakeko kunamuika pamalo ovuta. Anasiyana maganizo ndi Banda pankhani ya magetsi a pa Nkula: iye ankaona kuti dziko likufunika magetsiwo msanga, pomwe Banda ankakana ndalama iliyonse yodzera ku boma la chitaganya.

Pa 3 September 1962 galimoto yake inapezeka itagwera pa mlatho wa Thondwe, pamsewu wa Blantyre-Zomba, iye atamwalira. Anali ndi zaka 32 zokha. Boma linati inali ngozi, koma anthu ambiri sanakhutire, ndipo nkhaniyi imakambidwabe mpaka lero. Mwana wake, Du Chisiza Jr, amene anadzatchuka ndi zisudzo, anabadwa bambo ake atamwalira kale.

Dziko linalandira ufulu mu 1964 popanda iye, ndipo pasanathe miyezi itatu nduna zinagawanika ndi Banda, monga momwe mabuku ake anachenjezera.