Hertha Ayrton, mwana wa mai wosoka zovala amene anakhala katswiri wa magetsi

Inu a ku Tsangano ndi ku Macanga, nkhani ya magetsi si yacilendo kwa inu. Damu la Cahora Bassa lili m'cigawo cathu comwe cino ca Tete, ndipo magetsi ake amafika mpaka ku South Africa. Ku Songo, pafupi ndi damulo, kuli sukulu yaikulu yophunzitsa mainjiniya. Nanga mwana wanu wamkazi atakuuzani kuti afuna kukaphunzira za magetsi kumeneko, mungamuyankhe ciani? Musanayankhe, werengani mbiri ya mai uyu wa ku England.

Anabadwa pa 28 Epulo 1854 mumzinda wa Portsmouth. Makolo ake anamucha Phoebe Sarah Marks. Dzina lakuti Hertha anamupatsa ndi mnzake atakula kale. Atate ake anali Myuda wocokera ku Poland, ndipo nchito yao inali yokonza mawochi. Anamwalira mu 1861. Anasiya ana 7, amai ali ndi pakati pa mwana wina. Pakhomo panalowa umphawi, ndipo amai ankadyetsa banja ndi singano basi.

Hertha atakwanitsa zaka 9, m'bale wa amai ake, Marion Hartog, anamuitana ku London komwe anali ndi sukulu. Tangoganizani. Mai wamasiye, ana ambiri, ndiye wina akupempha mwana wamkazi amene amathandiza kulera ang'ono ake. Inu mudziwa zimene zimacitika kwathu kuno nyengo yokumba mbatata kapena yothyola fodya ikafika. Woyamba kujomba kusukulu amakhala mtsikana. Koma amai a Hertha anamulola kupita. Kumeneko anaphunzira masamu ndi zinenero. Pofika zaka 16 anali atayamba kale kuphunzitsa ana m'nyumba za anthu, n'kumatumiza ndalama kwa amai ake.

Nzeru anali nazo, koma ndalama za sukulu yapamwamba analibe. Apa panabwera mai wina dzina lake Barbara Bodichon, mmodzi wa anthu amene anayambitsa koleji ya akazi ya Girton ku Cambridge. Mai ameneyu sanali m'bale wake. Anangoona mtsikana wanzeru, namuthandiza ndi ndalama. Hertha anakhoza mayeso a masamu mu 1880, koma Cambridge sinamupatse digiri cifukwa nthawi imeneyo sinkapereka madigiri kwa akazi. Anakalembanso mayeso ku yunivesite ya London, nalandira digiri mu 1881.

Mu 1884 anayamba kupita ku sukulu ya madzulo kukaphunzira za magetsi. Masana nchito, madzulo sukulu, monga mucitira ena a inu. Mphunzitsi wake anali William Ayrton. Anakwatirana mu 1885, ndipo caka cotsatira anabereka mwana wamkazi. Anamucha Barbara, pokumbukira mai uja anamulipirira sukulu.

Apa ndiye pamene nchito ya akazi ambiri imafera, ndipo ya Mai Ayrton nayo inatsala pang'ono kufa. Mwana, kuphika, kucapa, kusamala pakhomo, zonse zinali pamutu pao. Nthawi yofufuza inasowa. Mu 1891 Barbara Bodichon anamwalira, nawasiyira ndalama. Ndi ndalamazo anathandiza amai ao okalamba, nalembanso munthu wa nchito zapakhomo. Cooneka ngati cacing'ono, eti? Komatu ndi cimene cinawabweza ku nchito yao.

Masiku amenewo misewu ndi nyumba zikuluzikulu zinkawala ndi nyale za mtundu wina. Mkati mwa nyale munali timitengo tiwiri ta makala toyang'anizana. Magetsi ankadumpha kucoka pa kamtengo kena kupita pa kanzake, n'kutulutsa kuwala kwamphamvu. Ngati munaonapo munthu akuwocherera zitsulo pamsika, kuwala kwake ndi komweko. Vuto linali lakuti nyalezi zinkalira kuti tsiii, n'kumaphethira. Akatswiri ankalephera kudziwa cifukwa cake. Mai Ayrton anayesa mobwerezabwereza mpaka anapeza kuti wolakwa ndi mpweya. Ukafika pa kadzenje kotentha ka pansonga ya khala, khalalo limapsa msanga, ndiye phokoso limayamba. Anaonetsanso mmene makala ayenera kusongokera kuti nyale iziyaka bwino.

Mu 1899 anawerenga zimene anapezazo pamaso pa bungwe la mainjiniya a magetsi la dziko lao, Institution of Electrical Engineers. Anakhala mkazi woyamba kulandiridwa ngati membala wa bungwelo. Mu 1902 anatulutsa buku la nyale zimenezi. Caka comweco anthu ena anapereka dzina lao kuti alowe m'bungwe lochuka la asayansi, Royal Society. Bungwelo linakana. Cifukwa cake? Anali mkazi wapabanja. Mwamuna wao anali membala kale, ndipo palibe anamufunsa za ukwati wake. Codabwitsa n'cakuti mu 1906 bungwe lomwelo linawapatsa mendulo yaulemu ya Hughes. Panapita zaka zoposa 100 kuti mkazi wina ailandire, mu 2008.

Nao anathandiza anzao. Mu 1912 Marie Curie, wasayansi wochuka wa ku France, anadwala ndipo manyuzipepala ankamunyoza. Mai Ayrton anamulandira ku England, namusunga mwakacetecete kuti apume. Analowanso m'gulu la amai omenyera ufulu wovota, ndipo mu 1919 anathandiza kuyambitsa bungwe la padziko lonse la akazi ophunzira ku yunivesite.

Pa nkhondo yoyamba ya padziko lonse anapanga cokupizira ca pamanja cocotsera utsi wakupha m'maenje a asilikali. Akuluakulu a nkhondo anayamba acikana, koma pambuyo pake zokupizira zoposa 100,000 zinatumizidwa kunkhondo.

Mai Ayrton anamwalira pa 26 Ogasiti 1923 ali ndi zaka 69. Kacilombo kanawaluma, bala linaononga magazi. Mwana wao Barbara anasankhidwa kukhala phungu wa nyumba ya malamulo mu 1945. Cambridge inayamba kupereka madigiri kwa akazi mu 1948, patapita zaka 25 mai ake ali m'manda.